Magemu Atatu Okha, Kochi Achoke?

Ndi Loweruka masana kumapeto kwa Ogasiti pa boma la Vubwi. Mphepo ikunyamula fumbi pamsewu, ndipo amayi ogulitsa tomato ndi mtedza aphimba malonda awo ndi zitenje. Kuseri kwa magolosale kuli kanyumba ka malata kopanda zenera. Pakhomo pali mnyamata wotolera ndalama, mkatimo mabenchi adzaza mpaka ena aima chotsamira khoma.

Maso onse ali pa TV.

Timu ina ya ku England yamwetsedwa chigoli chachiwiri. Bambo wina wovala jezi yofiira wavula chipewa n'kuchiponya pansi. Kumbuyo achinyamata a timu yopikisana nayo akuimba mluzu ndi kumenya mabenchi. Kenaka mawu amene amamveka chaka ndi chaka nyengo ngati ino akutuluka pakona:

"Kochiyu achoke!"

Ena akuvomera. Wina akuti goloboyi anagulidwa mwachinyengo, wina akuti chaka chino palibe chawo, angodikira chaka chamawa. Kochi akutulutsa womwetsa zigoli wodalirika kutatsala mphindi 25, ndipo phokoso likuchita kugwedeza malata.

Ligi ili ndi magemu 38. Iyi ndi gemu yachitatu.

Nyengo ya ziweruzo

Vubwi ndi boma laling'ono. Linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, chaka chomwenso Sinda inakhala boma payokha, ndipo lili pamalire a Malawi ndi Mozambique. Malire amenewa amachititsa kuti wokonda mpira wa kuno azikhala ndi makalendala atatu m'mutu. Ligi ya ku England imayamba mu Ogasiti. Ligi yaikulu ya Zambia, yomwe kale inkayamba kumayambiriro kwa chaka, inasintha mu 2019 n'kuyamba kutsata kalendala ya Ogasiti mpaka Meyi. Kutsidya kwa Mchinji kuli ligi ya Malawi, kumene Nyasa Big Bullets, Mighty Wanderers ndi Silver Strikers zili ndi owatsatira ngakhale mbali ino ya malire.

Choncho mwezi umene Achewa amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukachita Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndi mwezi womwenso makhoti a pansi pa mtengo amatsegulidwa. Oweruza ake ndi oyendetsa njinga zamoto, aphunzitsi, alimi amene angogulitsa soya, ndi aliyense amene ali ndi foni yokhala ndi WhatsApp. Mlandu umazengedwa Loweruka, chigamulo chimatuluka Lamlungu.

Kupupuluma kumeneku kuli ndi zifukwa zake. Anthu akhala miyezi iwiri kapena itatu opanda ligi, akumva mayina a osewera atsopano ndi malonjezo a akuluakulu a matimu, ndiye gemu yoyamba imasenza chiyembekezo cha miyezi yonseyo. Pamene magemu ali ochepa, tebulo la ligi limanama mosavuta: penate imodzi yokanidwa ikhoza kusiyanitsa timu ya nambala 5 ndi ya nambala 15. Palinso kubetcha kwa pafoni, komwe kwalowa mpaka m'midzi. Munthu amene waika ndalama yake pa gemu ya lero saona za Meyi. Kwa iye kochi amene watulutsa womwetsa zigoli wang'amba tikiti.

Akuluakulu a matimu nawonso ali ndi mantha awo. Mu ligi yaikulu ya Zambia muli matimu 18, ndipo a kumchira amatsika chaka chilichonse. Matimu ambiri amadya m'manja mwa makampani ndi nthambi za boma: Zesco United, Zanaco, Power Dynamos, Red Arrows, Green Buffaloes. Othandizawo amafuna zotsatira, ndipo n'kosavuta kuchotsa munthu mmodzi kusiyana ndi osewera 25. Atsatiri a mpira wa Zambia amawadziwa bwino mawu akuti administrative leave. Kochi akapatsidwa tchuthi chimenechi, kawirikawiri sabwerera pabenchi.

Zimene mbiri imaonetsa

Mu Ogasiti 2021, Arsenal inagonja magemu atatu oyambirira: 2-0 kwa Brentford, 2-0 kwa Chelsea, 5-0 kwa Manchester City. Inali pansi penipeni pa tebulo, yopanda pointi, yopanda chigoli. Mawu ofuna kuti Mikel Arteta achoke anamveka kuchokera ku London mpaka m'tinyumba ta mpira ta ku Sinda. Sanachotsedwe. Timuyo inamaliza pa nambala 5, ndipo chaka chotsatira inamaliza yachiwiri.

Zotsutsana nazo zinachitika mu 2023. Tottenham ya Ange Postecoglou inasewera magemu 10 oyambirira osagonja, ili pamwamba pa ligi, ndipo ena anayamba kuyeza kabati yoikamo chikho. Pofika Meyi inali pa nambala 5.

Frank de Boer sanapatsidwe mpata ngati wa Arteta. Crystal Palace inamuchotsa mu Seputembala 2017 atagonja magemu anayi a ligi popanda chigoli, atangokhala pantchito masiku 77. Roy Hodgson amene analowa m'malo mwake anagonjanso magemu atatu otsatira, nayenso popanda chigoli, timu isanadzuke n'kumaliza pa nambala 11.

Ngakhale m'mipikisano yaifupi, gemu yoyamba imasocheretsa. Pa World Cup ya 2022, Argentina inagonja 2-1 kwa Saudi Arabia, yomwe inkaphunzitsidwa ndi munthu amene Zambia yonse imamudziwa, Hervé Renard. Pasanathe mwezi, Argentina inanyamula chikho. Mu Januwale chaka chomwecho, Flames ya Malawi inayamba Africa Cup of Nations ndi kugonja 1-0 kwa Guinea. Kenaka inagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, n'kulepherana ndi Senegal 0-0, ndipo kwa nthawi yoyamba inadutsa m'magulu.

Komatu ofuna kochi achoke nawonso ali ndi umboni wawo, ndipo si wochepa. Ivory Coast inachotsa Jean-Louis Gasset pakati pa mpikisano mu Januwale 2024 itathidzimulidwa 4-0 ndi Equatorial Guinea pakwawo. Emerse Faé anatenga timuyo n'kukapambana chikho. Zambia nayo inachotsa Dario Bonetti mu Okutobala 2011, atangoipititsa ku mpikisano wa Africa, n'kubweza Renard. Pa 12 Febuluwale 2012 ku Libreville, Chipolopolo inakhala akatswiri.

Nkhani imeneyi imakumbukiridwa. Yomwe imaiwalika ndi ya zaka zotsatira. Renard atachoka mu 2013, mpando wa Chipolopolo unadutsa mwa Patrice Beaumelle, Honour Janza, George Lwandamina, Wedson Nyirenda, Sven Vandenbroeck, Milutin Sredojević ndi Aljoša Asanović, osawerengera ogwirizira, Avram Grant asanafike kumapeto kwa 2022. M'zaka zimenezo Zambia inaphonya mipikisano itatu yotsatizana ya Africa: 2017, 2019 ndi 2021.

Ku Blantyre zinthu zinayenda mwina. Kalisto Pasuwa, amene anapambana ligi ya Zimbabwe kanayi kotsatizana ndi Dynamos kuyambira 2011 mpaka 2014, anafika ku Bullets mu 2018 n'kukhalitsa. Timuyo inasunga ligi mpaka 2023, chaka chimene inatenga zikho zinayi.

Masewero owerenga mkono wa munthu

Kuti nkhaniyi ioneke bwino, ndi bwino kuyang'ana masewero amene ku Vubwi saonetsedwa pa TV za m'tinyumba tija: baseball. Ku America, ligi yaikulu ya masewerowa imayamba kumapeto kwa Malichi, ndipo timu iliyonse imasewera magemu 162. Magemu 10 oyambirira kumeneko akufanana ndi magemu awiri okha mu ligi ya Zambia ya magemu 34. Koma Epulo aliyense mawailesi a ku New York, Boston ndi Chicago amadzaza ndi anthu oimba foni kuti manijala achotsedwe.

Mtima wa ochemerera ndi umodzi kulikonse.

Pakati pa masewerowa pali munthu mmodzi, woponya. Amaima pakachulu, mtunda wa mamita 18 kuchokera kwa womenya, n'kuponya mpira wolimba pa liwiro lopitirira makilomita 150 pa ola. Gemu ili ndi zigawo 9. Woponya woyambitsa gemu akagwira ntchito lero amapuma masiku anayi kapena asanu, chifukwa kuponya kotereku kumadya phewa ndi chigongono. Mpira uliwonse umene waponya umalembedwa. Akayandikira 100, manijala amayamba kuyang'ana kubenchi. Ndipo lamulo lake ndi louma: wotulutsidwa sabwereranso m'gemu imeneyo.

Pa 13 Epulo 2022, mumzinda wozizira wa Minneapolis, Clayton Kershaw wa Los Angeles Dodgers anayambitsa gemu yake yoyamba ya chakacho, polimbana ndi Minnesota Twins. Omenya 21 anabwera, onse 21 anabwerera osafika ngakhale pa siteshoni yoyamba imene womenya amathamangirako akamenya mpira. Kunatsala anthu 6 okha kuti achite chinthu chimene panthawiyo chinali chitachitika ka 23 kokha m'mbiri yonse ya ligiyo: kutsekereza omenya onse 27. Anali ataponya mipira 80.

Manijala Dave Roberts anamutulutsa.

America inawira. Akatswiri akale ananena kuti masewero aphedwa ndi manambala. Koma Kershaw anali ndi zaka 34, anali ataphonya mapeto a sizoni ya 2021 chifukwa cha kuvulala mkono, ndipo zokonzekera za chakacho zinafupikitsidwa ndi mkangano wa masiku 99 pakati pa eni matimu ndi osewera. Kershaw mwiniwake anauza atolankhani kuti chiganizocho chinali cholondola. Dodgers inapambana gemuyo 7-0, ndipo chaka chimenecho inapambana magemu 111.

Mlimi wa ku Katete angamumvetse Roberts mosavuta. Dzuwa likafika paliwombo amamasula ng'ombe pagoli ngakhale kwatsala mizere iwiri, chifukwa munda wa mawa ukufunanso ng'ombe zomwezo.

Sikuti nthawi zonse wotulutsa amakhala wolondola. Pa 27 Okutobala 2020, mu gemu yachisanu ndi chimodzi ya World Series, ndime yomaliza yolimbirana chikho cha ligiyo, Blake Snell wa Tampa Bay Rays anali atawasowetsa mtendere omenya a Dodgers, timu yake ikutsogola 1-0. Anali ataponya mipira 73 yokha. Manijala Kevin Cash anatsata zimene kafukufuku wa matimu amaonetsa, zakuti omenya akamakumana ndi woponya yemweyo kachitatu amakhala atamuzolowera, ndipo anamutulutsa. Wolowa m'malo anamenyedwa nthawi yomweyo. Dodgers inapambana 3-1 n'kutenga chikho chake choyamba chiyambire 1988.

Kusiyana kwa nkhani ziwirizi kuli pa kalendala. Roberts anali mu Epulo, miyezi 6 ili kutsogolo. Cash anali pa gemu imene akagonja panalibenso mawa.

Palinso amene anasiyidwa kuti amalize. Pa 1 Juni 2012, Johan Santana wa New York Mets, yemwe anali atangochokera ku opaleshoni ya phewa, analoledwa kuponya mipira 134 kuti amalize gemu yopanda womenya aliyense womulasa bwino, yoyamba m'mbiri ya timuyo. Bwalo linasangalala. Manijala wake, Terry Collins, sanabise nkhawa yake. Santana anasewera gemu yake yomaliza mu ligi yaikulu mu Ogasiti chaka chomwecho, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati usiku uja ndiwo unamumaliza.

Nkhani imene imamanga zonsezi pamodzi ndi ya Washington Nationals. Woponya wawo wachinyamata, Stephen Strasburg, anachitidwa opaleshoni ya mtsempha wa m'chigongono mu 2010. Mu Seputembala 2012, timu ikupita kukalimbirana chikho, akuluakulu anamuimitsa kusewera kuti ateteze mkonowo, ndipo ananyozedwa kwambiri. Mu 2019 timu yomweyo inayamba moipa: pa magemu 50 oyambirira inapambana 19 n'kugonja 31, ndipo ambiri ankati manijala Dave Martinez watha. Sanachotsedwe. Mu Okutobala, Nationals inagonjetsa Houston Astros n'kukhala akatswiri kwa nthawi yoyamba. Wosewera wopambana onse mu World Series imeneyo anali Strasburg.

Pabwalo la sukulu palibe wowerenga

Kubwerera kuno, mpira umene umakhudza thupi la mwana wa ku Vubwi si wa pa TV. Ndi wa pabwalo la sukulu, m'miyezi ya chilimwe anthu atakolola. Kuyambira Julayi mpaka Okutobala kumakhala mipikisano ya m'midzi ndi ya m'mawodi, ina yothandizidwa ndi andale, ina ndi amalonda kapena mipingo. Mphoto imakhala mbuzi, majezi, mpira watsopano kapena ndalama. Nthaka imakhala itauma gwa, udzu utapsa, ndipo ena amasewera opanda nsapato pakati pa anzawo ovala zamisomali.

Mudzi uliwonse uli ndi mnyamata wake amene aliyense amamudalira. Iyeyo ndiye woponya wa kuno. Mpikisano ukakhala wa masiku awiri, akhoza kusewera m'mawa, masana, ndi mawa lake. Akadziwika, matimu a midzi ina amamubwereka pa kandalama, ndiye Loweruka ali kuno, Lamlungu ali kutsidya. Bondo likatupa amalimanga ndi nsalu. Kochi, amene nthawi zambiri ndi mphunzitsi wa pasukulu kapena mkulu amene anasewerapo kale, akayesa kumutulutsa amamva mawu kuchokera kunja kwa mzere, ndipo olankhulawo ndi amalume a mnyamatayo, anyakwawa, ndi amene anagula majezi.

"Aphunzitsi, mukufuna kutigulitsa kodi?"

Ndi makochi ochepa amene angapirire funso limeneli pamaso pa mudzi wonse. Kochi wa ku England akachotsedwa amalandira chipukuta misozi n'kusamuka. Wa kumudzi amakumana ndi omuweruza ake mawa lake kuchigayo, kumaliro ndi kutchalitchi.

Mtengo wake amalipira ndi mnyamata uja. Mtsempha wa bondo ukaduka, ulendo umakhala wa ku chipatala cha Chipata Central kapena cha St Francis ku Katete, ndipo ndalama ya ulendowo siichokera kwa amene ankakuwa kunja kwa mzere. Mvula ikagwa mu Novembala, banja limasowa munthu wolima. Chigawo cha Kummawa chili ndi luso la mpira: Fashion Sakala, wobadwira ku Chipata mu 1997, anadutsa ku Nchanga Rangers ndi Zanaco, anali m'timu ya achinyamata imene inatenga chikho cha Africa ku Lusaka mu 2017 pansi pa Beston Chambeshi, ndipo anakafika ku Oostende ndi ku Rangers ya ku Glasgow. Kuti afike kumeneko, miyendo yake inayenera kupulumuka kaye mabwalo ngati amenewa.

Ngakhale pa usiku waukulu wa ku Libreville, nkhani ya kutulutsa wosewera inalipo. Joseph Musonda anavulala fainolo itangoyamba ndipo anatuluka akulira pasanathe mphindi 15. Renard analowetsa Nyambe Mulenga, kenaka m'chigawo chachiwiri anamutulutsanso Mulenga yemweyo kuti alowetse Felix Katongo, chinthu chimene makochi ambiri amachiopa. Stoppila Sunzu atamwetsa penate yomaliza, Renard ananyamula Musonda m'manja kupita naye kumene anzake ankasangalala. Zambia ikanagonja, kusintha komweko kukanakhala mlandu wozengedwa mpaka lero.

Zimene zingatheke ndi kope ndi cholembera

Malamulo a mpira apatsa kale makochi mpata. Kuyambira 2020, timu imaloledwa kusintha osewera asanu m'malo mwa atatu, ndipo mu 2022 lamuloli linakhazikika. Cholinga chake chinali kuteteza matupi a osewera pamene magemu athinana. M'mipikisano ya m'midzi, okonza ali ndi ufulu wowonjezera pamenepo: kufupikitsa nthawi ya gemu ngati timu isewera kawiri patsiku, kuika nthawi yomwa madzi m'kutentha kwa Okutobala, ndi kulemba mayina a osewera kuti mnyamata mmodzi asavale majezi atatu pa sabata imodzi.

Baseball ya ana inadutsa njira yomweyi. Bungwe la Little League, lomwe mpikisano wake waukulu umachitikira ku Williamsport, ndipo mu 2012 unalandira timu yoyamba ya ku Africa kuchokera ku Lugazi, Uganda, linaika malire mu 2007. Mwana wa zaka 11 kapena 12 saloledwa kuponya mipira yopitirira 85 patsiku, ndipo akafika 66 amapuma masiku anayi athunthu. Chimene lamuloli linachita n'kuchotsa katundu pamutu pa kochi. Bambo wa mwana akakwiya, kochi amangoloza kwa munthu wokhala patebulo ndi kope.

Ku Vubwi, Sinda ndi Katete, mipikisano yambiri imafika pachimake pa 24 Okutobala, tsiku lokumbukira ufulu wa Zambia, dzuwa lili pa ukali wake. Pofika tsiku limenelo ligi ya ku England imakhala itasewera magemu 8 kapena 9 mwa 38, ndipo ya Zambia imakhala isanafike ndi pakati pomwe. Makomiti okonza mipikisano ya m'mawodi amakhala pansi milungu ingapo tsikulo lisanafike kugawa matimu, kusankha oimbira ndi kugwirizana za mphoto. Pa msonkhano womwewo ndi pamene angalembenso kuti mnyamata wosakwana zaka 18 asewera magemu angati pa masiku awiri, ndi kusankha amene adzagwire kope.